Mita Yomaliza pa Gofu

Mu July 1970, pa bwalo lakale la St Andrews ku Scotland, Doug Sanders wa ku America anafika pa dzenje lomaliza la mpikisano wa Open chikho chikununkhira. Inangomutsalira ntchito imene anali ataichita kambirimbiri pa moyo wake, yogubuduza mpira mtunda wosakwana mita imodzi kuti ugwere m'dzenje. Malowo anali otsetsereka pang'ono, opendekera kumanja. Anaima, nayang'ana dzenje, nayang'ana mpira, nabwerezanso kangapo. Kenako anawerama n'kutola kanthu kena kamene anakaona panjira ya mpirawo. Ataweramuka sanachoke pamalopo kuti ayambirenso kukonzeka, anangomenya momwemo, mpira n'kulambalala kumanja kwa dzenje. Mawa lake, pobwereza maenje 18 kuti wopambana adziwike, Jack Nicklaus anamuposa ndi shoti imodzi yokha, 72 kwa 73. Sanders anapambana mipikisano 20 ya PGA Tour, koma mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya gofu sanatengeko ndi umodzi womwe, ndipo anthu anamufunsabe za mita imodzi ija mpaka pamene anamwalira mu 2020.

Kwa amene simunapondepo pa bwalo la gofu, nkhani ili chonchi. Dzenje lililonse limakhala pa kabwalo ka udzu wometedwa mpala kamene osewera amakatcha green. Mpira ukafika pamenepo saumenyanso m'mwamba. Amatenga ndodo ya nkhope yafulati yotchedwa putter n'kuugubuduza pansi, ndipo kumenya kotereku ndiye putt. Wopambana ndi amene wamaliza ndi mashoti ochepa, ndipo pakhadi salembapo kutalika kwa shoti. Kukankha mpira chikhatho chimodzi amalemba 1, kuuponya mamita 280 amalembanso 1. Katswiri amamenya ma putt pafupifupi 29 pa maenje 18, ndiye kuti mashoti anayi pa khumi alionse a tsikulo, ndipo ambiri mwa iwo ndi aafupi.

Dzenjelo n'lotambalala mamilimita 108, muyeso umene akuluakulu a gofu ku St Andrews anaukhazikitsa mu 1891. Mpira ndi wa mamilimita pafupifupi 43. Mipira iwiri ikhoza kulowa mogundizana malo n'kutsalako. Komabe tamvani zimene anapeza Mark Broadie, mphunzitsi wa ku Columbia University ku New York, atasanthula mashoti miyandamiyanda a akatswiri a PGA Tour m'buku lake la 2014, Every Shot Counts. Pa mtunda wa masentimita 90 akatswiri amalowetsa ma putt 96 pa 100 alionse. Pa mamita 1.2 amalowetsa 88, pa mamita 1.5 amalowetsa 77, pa mamita 1.8 atsika kufika 66, ndipo pofika mamita 2.4 amangolowetsa theka. Awa ndi anthu amene amadyera gofu, osewera pa udzu wosalala koposa. Wosewera wa Loweruka ndi Lamlungu amene amadzitukwana akaphonya putt ya mamita awiri amangodzizunza, wapusitsidwa ndi wailesi yakanema imene imakonda kuonetsa mipira yolowa yokhayokha. Pamene iye angapindule kwenikweni ndi pakati pa mita imodzi ndi mita imodzi ndi theka. Pamenepo katswiri saphonyaphonya, koma wosewera wamba amataya mashoti angapo tsiku lililonse limene wasewera.

Choyamba chimene chimalakwika ndi kumene nkhope ya putter yaloza pa nthawi imene ikukhudza mpira. Ambiri amavutika ndi njira imene ndodo ikuyenda, ngati ikupita kumbuyo mowongoka kapena mokhota. Dave Pelz, amene anagwirapo ntchito za sayansi ku NASA asanasanduke mphunzitsi wa gofu, anayeza n'kupeza kuti magawo oposa 80 pa 100 a kumene mpira umalowera amachokera ku nkhope, njira ya ndodo n'kungotenga otsalawo. Masamu ake ndi apafupi. Nkhope ikapotoka ndi digiri imodzi, mpira umaphonya pakati pa dzenje ndi mamilimita 17 pa mita imodzi, ndipo umalowabe. Pa mamita atatu digiri imodzi yomweyo imautaya mamilimita 52, m'mphepete penipeni. Kuti muphonye putt yowongoka ya mita imodzi, nkhope iyenera kupotoka ndi madigiri atatu, omwe ndi theka chabe la kampata ka mphindi imodzi pa wotchi ya mivi. N'zochepa, koma dzanja lodekha silifika pamenepo. Limafikapo dzanja limene lagwedezeka polumikizira ndi mkono, kapena thupi limene latembenuka mpira usanachoke.

Ichi n'chifukwa chake aphunzitsi amaumirira kuti putt ichokere m'mapewa, manja angogwira ndodo, miyendo ndi chiuno zikhale zii. Amatinso ndodo isapite kutali kumbuyo. Munthu akaibweza kwambiri pa putt yaifupi, thupi limadziwa lokha kuti mphamvu yachuluka, ndiye limayamba kugwira buleki ndodo ikuyandikira mpira. Ndodo imene ikuchepa liwiro ndi imene imapotoka. Ibwezeni pang'ono, ipite kutsogolo mosazengereza.

Chachiwiri ndi liwiro, ndipo apa m'pamene pali mkangano weniweni. Mpira sugwa m'dzenje chifukwa choti wafika pamwamba pake. Umafunika nthawi yoti utsike mokwanira usanagunde khoma la tsidya linalo. Mu 1991 katswiri wa fizikisi Brian Holmes anawerengera kuti mpira wodutsa pakati penipeni pa dzenje ukapitirira liwiro la mamita pafupifupi 1.6 pa sekondi, umalumpha. Wodutsa chakumbali umafuna liwiro lochepa kwambiri kuposa pamenepo, popeza mpata woti ugweremo wafupika. Ndiye kuti mukamenya mwamphamvu mumachepetsa dzenje ndi manja anu omwe. Mpira wofika utatopa ukhoza kugwera kutsogolo, kumbali, ngakhale kuzungulira mlomo n'kugwera chakumbuyo. Wofika ndi ukali uli ndi khomo limodzi, lapakati, ndipo ukaliphonya umazungulira mlomo n'kutulukanso, mwini wake manja ali m'chiuno.

Nanga bwanji osangomenya mofatsa nthawi zonse? Chifukwa mpira woyenda pang'onopang'ono umamvera chilichonse chimene wapeza panjira, kaya ndi kupendekeka kwa nthaka, kaya kadzenje ka nsapato, kaya kumene udzu wagonera. Pelz ankakonda kunena za malo ozungulira dzenje. Aliyense amaponda pafupi nalo potola mpira wake, koma palibe amene amaponda pamlomo penipeni. Pofika masana nthaka yozungulira yatsika ndi mapazi, dzenje latsala pa kachulu kosaoneka ndi maso, ndipo mpira wofika wopanda mphamvu umapatuka pa sekondi yomaliza. Iye anati liwiro labwino ndi limene lingapitirize mpira masentimita 43 kuseri kwa dzenje utaphonya. Aphunzitsi ena amakonda liwiro locheperapo. Ine ndimaona kuti nambala yeniyeniyo si imene ili ndi ntchito. Ntchito ili pa kusankha. Putt yokhota ya mita imodzi ili ndi njira zingapo zolowera. Mukhoza kuloza kunja kwa mlomo n'kumenya mofatsa kuti ikhote yokha, kapena kuloza m'kati mwa dzenje n'kumenya molimba kuti isapeze nthawi yokhotera. Zonse ziwiri zimalowa. Imene siilowa ndi yosakaniza, mzere wa putt yolimba koma mphamvu ya putt yofatsa, ndipo imeneyi ndi imene amamenya munthu amene waima pa mpira asanamange mfundo imodzi. Ali ngati womenya penate amene wasintha ngodya ali m'kati mothamanga.

Kuwerenga green n'kwapafupi kuposa mmene anthu amakuonetsera, bola pa mtunda waufupi. Yang'anani kuchokera kumbuyo kwa mpira, yang'ananinso kuchokera kumunsi kwa kutsetsereka, ndipo mverani mapazi anu, chifukwa phazi limazindikira kupendekeka kumene diso laphonya. M'mayiko otentha muli chinanso. Udzu wa ma green ambiri ndi wa mtundu wa kapinga, umene ku America amautcha Bermuda, ndipo umenewu sumera choimirira, umagona mbali imodzi n'kumakokera mpira komweko. Mukauona ukuwala, wagonera kumene mukuyang'anako ndipo mpira uthamanga. Mukauona wakuda, wagonera kwa inu ndipo mpira uyenda molemera. Mlomo wa dzenje umaululanso, pakuti mbali imene yaoneka yonyotsoka ndi yofiirira ndi kumene udzu ukulowera. Caddie amene wanyamula zikwama zaka zambiri pa bwalo limodzi, kaya ndi ku Lilongwe Golf Club kaya ku Limbe Country Club, amadziwa zimenezi osawerama n'komwe, ndipo mlendo amene samufunsa amadzimana yekha.

Za mapazi a anthu zija zinagwetsapo timu yathunthu. Mu 1991, pa mpikisano wa Ryder Cup ku Kiawah Island, zonse zinatsalira Bernhard Langer wa ku Germany, amene ankasewera ndi Hale Irwin. Putt ya mamita 1.8 ikanalowa, timu ya Europe ikanafanana mphamvu ndi America 14 kwa 14 n'kubwerera ndi chikho chimene inali nacho kale. Pamzere umene Langer anasankha panali timabala tiwiri ta misomali ya nsapato, ndipo malamulo a nthawiyo sankalola kutikonza. Atakambirana ndi caddie wake, anasintha n'kuloza mowongokerapo kuti atizembe. Mpira unadutsa pamlomo wakumanja, America n'kupambana 14½ kwa 13½. Lamuloli linasintha mu 2019. Lero mumaloledwa kusalaza timabala totere, ndiponso kusiya mbendera m'dzenje pomenya putt. Ndi mwayi waulere umene ambiri sautola.

Ndiye pali maso. Joan Vickers wa ku University of Calgary ku Canada anaveka osewera zipangizo zotsata kumene diso likuyang'ana. Anapeza kuti odziwa amayika maso pamalo amodzi pa mpira, kawirikawiri kumbuyo kwake, kwa masekondi awiri kapena atatu asanamenye, ndipo maso amakhalabe pomwepo kanthawi mpira utachoka. Osadziwa maso awo amangoti uku ndi uku, pa dzenje, pa ndodo, pa mpira, ndipo amanyamuka limodzi ndi mpirawo. Pa putt yaifupi vutoli limakula chifukwa dzenje limaonekera m'ngodya ya diso. Mtima umafuna kudziwa msanga ngati walowa, mutu umatembenuka, phewa limatsatira, nkhope ya putter n'kupotoka madigiri atatu aja. Malangizo akale oti dikirani mumve ndi khutu mpira ukugwa amachokera pamenepa. Jordan Spieth, pa nthawi imene anapambana Masters ndi US Open mu 2015, ankazemba msamphawu mwa njira ina. Pa ma putt ena aafupi sankayang'ana mpira, ankayang'ana dzenje kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Mutu umene uli kale kudzenje ulibenso kotembenukira.

Mantha nawo anawayeza. Devin Pope ndi Maurice Schweitzer, akatswiri a za chuma ndi maganizo a anthu, anasanthula ma putt oposa mamiliyoni 2.5 a pa PGA Tour n'kufalitsa zotsatira mu 2011. Pa dzenje lililonse pali chiwerengero cha mashoti chimene wosewera wabwino amayembekezeka kumenya, chotchedwa par, ndipo kuchepetsapo imodzi ndiye birdie. Anapeza kuti pa mtunda wofanana, akatswiri, ndi Tiger Woods yemwe, amalowetsa kwambiri putt yopulumutsa par kuposa ya birdie, ndipo ya birdie amakonda kuisiya panjira. Shoti ndi imodzi yomweyo pakhadi, koma kuopa kutaya kumawalimbitsa dzanja kuposa kufuna kupindula.

Rory McIlroy anafika pa dzenje la 16 tsiku lomaliza la US Open ya 2024 ku Pinehurst atalowetsa ma putt onse 496 osapitirira masentimita 90 amene anamenya nyengo imeneyo. Anaphonya ya masentimita 76. Pa dzenje la 18 anaphonyanso ya masentimita 114, Bryson DeChambeau n'kupambana ndi shoti imodzi. Yachiwiriyi siinali yapafupi monga mmene nambala ikuonekera. Mpira unali kumtunda kwa dzenje, pamalo oterera, okhotera kumanja, ndipo putt yotere sungaimenye molimba chifukwa ikaphonya imapita kutali. Phunziro lake ambiri amaliiwala. Putt yaifupi imakonzedwa ndi shoti imene yabwera patsogolo pake. Mita imodzi ndi theka yokwera chitunda ndi yabwino kuposa mita imodzi yotsetsereka, choncho pomenya putt yaitali kapena kashoti kochokera kunja kwa green, ganizirani mbali imene mukufuna mpira utsalire. Mu April 2025 McIlroy anapambana Masters pogonjetsa Justin Rose pa dzenje lowonjezera, ndipo imene inamaliza nkhani inali putt ya pafupifupi mita imodzi.

Pali ena amene vuto lawo lapitirira mantha wamba. Manja amanjenjemera kapena kudzidzimuka okha ndodo ikuyandikira mpira, matenda amene osewera amawatcha yips. Madokotala a ku Mayo Clinic anapeza kuti kwa ena gwero lake ndi nkhawa, kwa ena ndi minofu imene yayamba kukokana yokha chifukwa chobwereza kayendedwe kamodzi zaka zambiri. Ernie Els wa ku South Africa, mwini zikho zinayi zikuluzikulu, anamenya ma putt 6 pa dzenje loyamba la Masters ya 2016, yoyambayo ili yosakwana mita, n'kulemba 9 pa dzenje la par 4. Langer analimbana ndi matendawa kangapo, ndipo nthawi iliyonse ankatuluka posintha kagwiridwe. Pamene ankapambana Masters yake yachiwiri mu 1993, dzanja lamanzere linali m'munsi pa ndodo, lamanja litapanikiza chogwirira cha ndodoyo ku mkono wamanzere. Kenako anatenga putter yaitali yotsamiritsa pachifuwa. Kutsamiritsa ndodo pathupi kunaletsedwa kuyambira pa 1 January 2016, Adam Scott ndi ena atapambana nako zikho zikuluzikulu, koma Langer anangoichotsa ndodoyo pachifuwa pang'ono n'kupitiriza, mpaka mu 2023 anaposa onse pa kuchuluka kwa zikho za mpikisano wa osewera a zaka 50 kupita m'tsogolo. Kagwiridwe kooneka modabwitsa si kochititsa manyazi ngati mpira ukugwa.

Zoyeserera zimene zimathandiza ndi zochepa ndipo sizifuna ndalama. Tiger Woods amadziwika ndi kachipata. Amazika timitengo tiwiri toyikapo mpira, tee, kamodzi kunsonga kwa mutu wa putter kena kuchidendene, n'kusiya kampata kongokwanira ndodo kudutsa, ndipo amamenya ma putt a mita imodzi, nthawi zina ndi dzanja lamanja lokha. Ndodo ikapotoka imagunda kamtengo, ndiye palibe zodzinamiza. Kunyumba mukhoza kugoneka rula yachitsulo ya mita imodzi pansi posalala n'kugubuduza mpira pamwamba pake. Ukafika kumapeto osagwera kumbali, nkhope inali yowongoka. Phil Mickelson, potsatira malangizo a Jackie Burke amene anapambana Masters mu 1956, ankazunguliza mipira khumi pa dzenje, uliwonse pa masentimita 90, n'kufuna kulowetsa 100 motsatizana, ndipo akaphonya umodzi ankayambiranso pa 1. Ubwino wa kuzungulira ndi wakuti mpira uliwonse uli ndi kukhota kwake, wina wokwera, wina wotsika. Ubwino wa kuyambiranso ndi wakuti pofika mpira wa 90 mtima umagunda ngati uli pampikisano. Inu simufunika 100. Yambani ndi 10, koma lamulo loyambiranso musaliphwanye, ndipo pa mpira uliwonse chitani zonse zimene mumachita pabwalo, kuyang'ana mzere, kusankha liwiro, kuyika nkhope, kenako mapazi. Chinthu chikakusokonezani, ntchentche, chifuwa cha mnzanu, kapena kaudzu panjira, chokanipo muyambirenso.

Chimene chimawononga osewera wamba kuposa zonsezi ndi ulemu. Anzanu akaona mpira uli pafupi amati tolani, walowa kale umenewo, inunso mumawabwezera pa dzenje lotsatira, ndipo miyezi imatha musanamenye putt ya mita imodzi imene ili ndi mlandu. Tsiku la mpikisano wowerenga mashoti onse, pamene malamulo salola kupatsana, mumapezeka mukuimenya koyamba anthu akuonerera. Kupatsana kuli ndi malo ake, pa masewero olimbirana dzenje ndi dzenje. Nicklaus anatola chizindikiro cha mpira wa Tony Jacklin pa dzenje lomaliza la Ryder Cup ya 1969 ku Royal Birkdale, n'kumupatsa putt ya masentimita pafupifupi 60, matimu awiriwo n'kufanana mphamvu 16 kwa 16, ndipo anthu amatamandabe mtima umenewo. Koma Jacklin anali atapambana Open chaka chomwecho. Sanaphunzire gofu potola mipira.

Ndipo palibe putt yaifupi kwambiri moti n'kuimenya mothamanga. Hale Irwin, pa Open ya 1983 ku Royal Birkdale komweko, anafuna kungokankha mpira umene unali masentimita ochepa kuchokera pamlomo, ndodo inagunda pansi n'kudumpha mpirawo osaukhudza, shoti n'kuwerengedwa. Tom Watson anamuposa ndi imodzi. Pa US Open ya 2001 ku Southern Hills, mumzinda wa Tulsa, Stewart Cink ndi Retief Goosen wa ku South Africa anafika pa dzenje lomaliza ali ofanana, Mark Brooks atamaliza kale ali kumbuyo kwawo ndi shoti imodzi. Cink ataphonya putt yake ya par anaona ngati zatha, popeza Goosen anali pa mamita osakwana anayi ndipo ma putt awiri akanamukwanira. Anafulumira kuti amuchokere panjira mnzakeyo, n'kuphonya ya masentimita 45. Goosen anapitiriza mpira wake masentimita 60 kuseri kwa dzenje, nayenso n'kuphonya pobwerera. Ya Cink ija ikanalowa, onse atatu akanabwereza masewero. Mawa lake anabwereza awiri, ndipo Goosen anagonjetsa Brooks 70 kwa 72.